Sodium ndi potassium: n'chifukwa chiyani zili mu mzere umodzi?

Wowerenga wina amene akukonzekera mayeso wandilembera imelo. Akuti anauzidwa kuti aloweze tebulo lonse la maelementi (mitundu ya maatomu imene imapanga zinthu zonse), koma zinthu sizikukhala m'mutu. Ndiye akufunsa kuti: sodium ndi nambala 11, potassium ndi nambala 19, nanga zinakumana bwanji mu mzere umodzi wotsika?

Mwafunsa bwino, chifukwa yankho la funsoli ndi lomwe lagwira tebulo lonse. Mukalimvetsa, zoloweza zichepa kwambiri.

Pakati pa atomu pali nyukiliyasi, momwe muli mapulotoni ndi manyutuloni. Kunja kwake kuli maelekitironi, opepuka zedi moti pulotoni imodzi imalemera ngati maelekitironi pafupifupi 1,836. Nambala imene mumaiona pa tebulo ndi chiwerengero cha mapulotoni basi. Atomu ya mapulotoni 6 ndi carbon, kaya ili ndi manyutuloni 6 kapena 8. Ndipo atomu ikakhala payokha, maelekitironi ake amafanana kuchuluka ndi mapulotoni.

Tsono nkhani yagona pa mmene maelekitironiwo amakhalira. Sangounjikana chisawawa ayi, amakhala m'mashelo, zigawo zozungulira nyukiliyasi. Shelo yoyamba imalandira awiri okha, yachiwiri asanu ndi atatu. Tengani cholembera muwerenge nokha. Sodium, 11: awiri, asanu ndi atatu, kutsala imodzi kunja. Potassium, 19: 2, 8, 8, kutsalanso imodzi. Ubale wawo ndi umenewo. Maatomu akakumana, amene amakhudzana ndi maelekitironi akunja, choncho maelementi ofanana kunjako amafanananso khalidwe.

Mukanaziona ndi maso simukanaiwala. Zonse ziwiri ndi zitsulo zofewa, zodulika ndi mpeni, ndipo podulapo pamanyezimira kanthawi kochepa kenako n'kuchita mbuu. Amazisunga m'mafuta kuti zisakumane ndi mpweya kapena chinyezi. Kachidutswa ka sodium kakagwera m'madzi kamasanduka kampira, n'kumathamanga pamwamba kakutulutsa hydrogen. Potassium ndiye salekerera, imabuka moto nthawi yomweyo, chifukwa elekitironi yake yakunja ili patali ndi nyukiliyasi ndipo imachoka mosavuta.

Chlorine, nambala 17, ili ndi 2, 8, 7: ikusowa imodzi. Sodium ikaipatsa yake ija, timapeza mchere. Neon ndi argon mashelo awo akunja ali kale ndi asanu ndi atatu, n'chifukwa chake safuna kugwirizana ndi wina aliyense.

Chimene chimandigwira mtima n'chakuti Dmitri Mendeleev, wasayansi wa ku Russia, anakonza tebulo lake mu 1869 asakudziwa chilichonse za maelekitironi, poti J. J. Thomson anadzatulukira elekitironi mu 1897. Mendeleev anangondandalika maelementi 63 odziwika nthawiyo motsatira kulemera kwake, n'kuona kuti makhalidwe akubwerezabwereza. Pomwe panalibe elementi yoyenera sanakakamize, anasiya mpata n'kulosera mmene yosowayo idzakhalire. Gallium inapezeka mu 1875, germanium mu 1886, ndipo zinafanana modabwitsa ndi zimene ananena. Mu 1913 Henry Moseley anasonyeza kuti chondandalikira chenicheni ndi nambala ya atomu, osati kulemera. Izi zinafotokoza chifukwa chake tellurium imabwera isanafike iodine ngakhale kuti ndi yolemerapo.

Lero tebuloli lili ndi maelementi 118, koma musalimbane nawo onse. Gwirani 20 oyambirira, kuchokera pa hydrogen mpaka calcium, ndipo pa elementi iliyonse lembani kagawidwe ka maelekitironi ake ndi dzanja lanu. Mizere yotsika iyamba kuonekera yokha. Chenjezo langa n'lakuti kuwerenga kwa 2, 8, 8 kumathera pa calcium pomwepo. Kuyambira pa scandium, nambala 21, shelo yachitatu imayambanso kulandira maelekitironi mpaka kufika 18, ndipo ndi pamene pamatulukira gulu lalikulu la zitsulo za pakati pa tebulo, monga iron ndi copper.