Jenereta yozima mukangotsegula choki

Achimwene, mwati jenereta yanu yakhala miyezi itatu osalizidwa, ndipo pano ikumalira pokhapokha choki ikhale yotseka, mukangoitsegula basi yazima. Musathamangire kugula kabureta (kachipangizo kosakaniza petulo ndi mpweya) yatsopano ngati mmene ena akukuuzirani, ndipo injiniyo musaiphwasule. Ntchito ya choki ndi kuchepetsa mpweya wolowa mu injini. Ikamalira ndi choki yokha ndiye kuti petulo akufika wochepa, ndipo nthawi zambiri potsekeka pamakhala pa jeti, kachitsulo kachikasu ka kabowo kakang'ono kwambiri m'kati mwa kabureta.

Petulo akakhalitsa amauma n'kusiya zomata ngati utomoni. Yanga inandichitapo zomwezi. Nditamasula kambale ka pansi pa kabureta ndinapezamo zinyalala zofiirira zonanda, fungo lake ngati vanishi, ndipo jeti nditaiyang'anitsa kudzuwa kuwala sikunkadutsa n'komwe.

Injini itazizira, tsekani kampopi ka petulo, zulani chipewa cha pulagi, kenako masulani bawuti ya pansi pa kambaleko. Pa majenereta ambiri ang'onoang'ono sipanala ya 10 ndi yomwe imagwira. Jetiyo imasuleni ndi sikuludiraiva yokwana bwino pamzera wake, chifukwa chitsulo chake n'chofewa, chimaphwanyika msanga. Ipopereni mankhwala otsukira kabureta, ndipo pakabowopo lowetsani kawaya kamodzi kakopa kochokera m'chingwe chamagetsi. Chonde singano kapena msomali ayi. Bowo likangokula, jenereta imayamba kumwa petulo ngati madzi, utsi wakuda tolotolo, ndipo zikatero palibe kubwezanso. Pobwezera kambale onetsetsani kuti kalabala kake kakhala bwino pamalo pake. Petulo wakale yense mu thanki mukhuthule, apo ayi mawa lomwe jeti itsekekanso.

Muonenso oyilo, jenereta ili pamalo athyathyathya. Zambiri zili ndi kachipangizo kozimitsa injini oyilo akachepa, moti ngakhale kungopendekeka kumatha kuizimitsa. Injini za 6.5 hp zimalowa pafupifupi malita 0.6 a oyilo wa 10W-30. Injini ikakhala yatsopano mumasintha oyilo ikagwira maola 20, kenako maola 100 aliwonse. Pulagi mpata wake ukhale 0.7 mpaka 0.8 mm, ndipo ikakhala yakuda ndi mwaye, tsukani siponji ya sefa ya mpweya ndi madzi a sopo, iume, muidonthezere kaoyilo pang'ono n'kuifinya.

Kuti zisadzabwerezeke, mukafuna kuisunga nthawi yaitali chotsani kaye zonse zomwe mwalumikiza, mutseke kampopi ka petulo ikulira, muisiye izime yokha. Kabureta imatsala ndi petulo wochepa kwambiri. Ine ndimailizanso kamodzi pamwezi kwa mphindi zingapo.

Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti mwanena kuti mukuiyesera mu galaja. Itulutseni panja, kutali ndi mazenera ndi zitseko, ngakhale mukuiliza kwa kanthawi kochepa. Utsi wake uli ndi mpweya wa carbon monoxide womwe suoneka komanso sununkha. Munthu amangomva mutu ndi chizungulire, tulo n'kumugwira, osadzukanso, ndipo kutsegula chitseko cha galaja sikokwanira kuuchotsa. Mukatsuka jetiyo koma jenereta n'kupitiriza kuzima, mutiuze mmene pulagi ikuonekera, tione kwina.