Achemwali, magalasi akuda a dzuwa sakwana poonera kadamsana

Achemwali, mwafunsa ngati magalasi akuda a dzuwa angakwane poonera kadamsana, ngati ana angaonere nawo, komanso mmene mungajambulire ndi foni ndi kamera yanu ija ya lenzi ya 70-300mm. Ndaona kuti ena akuuzani kale kuti muyang'ane m'beseni la madzi, wina watchula filimu ya X-ray. Ndiyambira pomwepo, chifukwa malangizo amenewo akhoza kukuwonongerani maso, inu ndi ana omwe.

Magalasi a dzuwa sakwana, ngakhale muvale atatu mosanjikiza. Filimu ya X-ray ayi, galasi lodetsedwa ndi mwaye ayi, CD ayi. Madzi a m'beseni nawonso amabweza kuwala kochuluka ndithu. Choipa cha zinthu zimenezi n'chakuti zimachepetsa kuthobwa kuja kumene kukanakuchititsani kuphethira n'kuyang'ana kumbali, pomwe kuwala kovulaza kukulowabe, kuphatikizapo kwina kumene diso silikuona. Ndiye munthu amangoti tong'o kwa nthawi yaitali, akuganiza kuti wadziteteza.

Kuseri kwa diso kuli kachikopa kofewa kotchedwa retina, kamene kamalandira chithunzi cha zonse timaona. Kachikopa kameneka sikamva ululu. Kakhoza kumapsa inu mukuseka ndi ana, osadziwa kanthu. Zizindikiro zimabwera patapita maola angapo, mwinanso mawa lake: kadontho kakuda pakati pa chilichonse mukuyang'ana, zilembo zosawerengeka, mizere yowongoka kuoneka yokhota. Ena amachira pakapita miyezi, ena amakhala nacho chilemacho mpaka kalekale. Wina akadzadandaula zotere pambuyo pa kadamsana, apite kwa dokotala wa maso msanga, asadikire kuti zitha zokha.

Chofunika kugula ndi magalasi opangidwira kuonera dzuwa, amene amatsata muyezo wa ISO 12312-2. Ambiri amakhala a katoni chabe, ooneka ngati zoseweretsa, koma kapepala kakuda kali mmenemo kamalola kachigawo kakang'onong'ono kwambiri ka kuwala. Mukawavala m'nyumba simuyenera kuona mipando, mawindo kapena nkhope ya munthu. Mukaziona, atayeni. Komabe kusaona kanthu pakokha si umboni woti ndi enieni, ndipo nambala ya ISO aliyense akhoza kungoidinda pa katoni. Bungwe la American Astronomical Society lili ndi mndandanda wa opanga ndi ogulitsa odalirika pa tsamba lake la pa intaneti, ndipo ndi bwino kuyamba mwaona kumeneko musanaitanitse. Gulani kudakali miyezi. Kadamsana akayandikira, enieni amatha, abodza n'kudzaza msika. Akafika, aunikeni ngati pali pong'ambika, pobooka kapena pokandika. Ngati mumavala magalasi a mankhwala, awa mumavala pamwamba pake. Galasi la owotcherera zitsulo limatheka pokhapokha likhale la nambala 12 mpaka 14, koma ambiri amene amagwira nawo ntchito tsiku ndi tsiku ndi opepuka kuposa pamenepo. Ngati nambala sikuoneka, lisiyeni.

Ana aonere ndithu, musawatsekere m'nyumba. Chongofunika n'kuwaphunzitsa dongosolo kusanafike tsikulo: weramira pansi, vala, kenaka kweza mutu; ukatha, weramiranso pansi ndiye uvule. Mwana wamng'ono magalasi a katoni amamukhwepa, ndiye wamkulu agwirizire m'mbali. Kwa ang'onoang'ono kwambiri ine ndimakonda njira yosayang'ana kumwamba n'komwe. Boolani kabowo kakang'ono pa katoni, fulatirani dzuwa, kuwala kudutse pa kabowoko kugwere pa pepala loyera pansi. Mudzaona kadzuwa kakang'ono kakudyeka pang'onopang'ono. Auzeni momveka bwino kuti kabowoko si kosuzumirapo. Pansi pa mtengo wa masamba ambiri zimachitika zokha, timipata ta pakati pa masamba timagwetsa timiyezi tambirimbiri pa dothi.

Tsopano pali nkhani imene simunafunse koma ndi imene ikulamulira zonse. Kodi pamene mudzaimepo padzakhala kadamsana wa mtundu wanji? Dzuwa ndi lalikulu kuposa mwezi pafupifupi ka 400, komanso lili kutali kuposa mwezi pafupifupi ka 400, n'chifukwa chake ziwirizi zimaoneka ngati zofanana kukula. Mwezi ukaphimba dzuwa lonse, mthunzi wake wakuda umagwa pa kanjira kopapatiza, kawirikawiri makilomita 100 kapena 200 m'lifupi. Amene ali mkati mwa kanjirako ndi okhawo amaona kadamsana wathunthu. Ena onse, ngakhale ali m'dziko lomwelo, amaona wa mbali chabe. Pa 21 Juni 2001 kanjira kameneka kanadutsa ku Angola, Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi Madagascar. Pa 2 Ogasiti 2027 kadzadutsa kumwera kwa Spain, Morocco, Algeria, Tunisia, Libya, Egypt, Saudi Arabia, Yemen ndi Somalia, ndipo pafupi ndi mzinda wa Luxor ku Egypt mdima udzapitirira mphindi 6, zomwe ndi zambiri kwabasi poti malire ake enieni ndi mphindi pafupifupi 7 ndi theka. Pa 25 Novembala 2030 kadzadutsa ku Namibia, Botswana, South Africa ndi Lesotho, n'kukathera ku Australia.

Palinso mtundu wachitatu. Njira ya mwezi pozungulira dziko si yozungulira ndendende, ndiye nthawi zina mwezi umakhala patali n'kuoneka wochepa. Ukatero umalephera kuphimba dzuwa lonse, m'mbali mumatsala mkombero wowala ngati mphete. Wa pa 1 Seputembala 2016, amene anadutsa ku Tanzania, kumpoto kwa Mozambique ndi Madagascar, anali wotere. Pa kadamsana wa mphete ndi wa mbali, magalasi savulidwa ngakhale sekondi imodzi. Amavulidwa pa wathunthu pokha, ndipo pokhapokha kuwala komaliza kwazimiratu moti m'magalasimo simukuonanso kanthu. Musanyengedwe ndi 99 peresenti. Kachidutswa katsalako ndi dzuwa lomwe lija, mphamvu yake yowotcha ndi yomweyo, ndipo popeza kunja kwachita chizirezire, mboni ya diso imakhala itatseguka kwambiri. Lembani dzina la malo anu pa timeanddate.com kapena pa mapu a kadamsana a pa intaneti amene amakonza Xavier Jubier, mudzapeza mtundu wake, nthawi yoyambira ndi yothera mpaka masekondi.

Tibwere ku kamera. Apa ndi pamene anthu ochenjera amavulalira, chifukwa amaganiza kuti akavala magalasi a kadamsana akhoza kusuzumira m'kamera, mu telesikopu kapena m'zoonera patali za maso awiri zija. Musadzayerekeze. Mukukumbukira mmene galasi lokulitsa zinthu limayatsira pepala padzuwa? Lenzi yanu ya 300mm ikuchita zomwezo. Imasonkhanitsa kuwala pamalo amodzi, kuwalako kumaboola kapepala ka magalasi aja m'kanthawi kochepa n'kulowa m'diso. Fyuluta, chotchinga kuwala kwa dzuwa, iyenera kukhala kutsogolo kwenikweni kwa lenzi, kumene kuwala kumayambira kulowa. Popanda iyo, mkati mwa lenzi mukhoza kusungunuka, shata (katseko kolowetsa kuwala) n'kupsa, sensa (kamene kamagwira chithunzi) n'kubooka.

Mukhoza kugula fyuluta ya dzuwa yopangiratu yolingana ndi kukamwa kwa lenzi yanu, kapena kugula pepala lake, monga Baader AstroSolar, n'kudzipangira chivindikiro cha katoni. Mukamagula pepalali onetsetsani nambala. La 5.0 ndi loonera ndi maso kudzera pa chida, pomwe la 3.8 ndi lojambulira chabe ndipo ndi loopsa ku maso. Mafyuluta wamba ochepetsa kuwala, a ND, amene ojambula mathithi amagwiritsa ntchito sanapangidwire zimenezi. Chivindikirocho chigwire moti mphepo kapena dzanja la mwana lisachigwetse, komabe chizitha kuvuka msanga popanda kugwedeza kamera. Ngati kamera yanu ndi DSLR, ija yokhala ndi kalilole mkati, kadiso kosuzumirapo kaja kamabweretsa kuwala kwenikweni kwa lenzi m'diso mwanu, choncho kaphimbeni ndi tepi muzigwiritsa ntchito sikirini. Amene ali ndi telesikopu avindikirenso katelesikopu kakang'ono kolozera kaja. Ndipo timagalasi takale tolembedwa kuti SUN tomangirira kumbuyo, kumene kumakhala diso, timasweka ndi kutentha. Malo ake ndi kudzala.

Musayembekezere dzuwa lodzaza chithunzi. Kukula kwa dzuwa pa sensa kumapezeka pogawa utali wa lenzi ndi 109, ndiye pa 300mm ndi mamilimita osakwana 3. Likhala laling'ono, koma n'lokwanira, mudzalikulitsa podula chithunzicho pa kompyuta. Ubwino wakenso ndi wakuti pa kadamsana wathunthu mudzakhala ndi malo okwanira korona, kuwala koyera kuja kumene kumatambalala kutali kuzungulira mwezi wakuda. Kamera ikhale pa choimikira cha miyendo itatu cholimba. Kulipeza dzuwa ndi lenzi yaitali, fyuluta ili pompo, n'kovuta kuposa mmene mungaganizire, poti sikirini imangokhala bii. Musakweze maso kulifunafuna. Yang'anani chithunzithunzi cha kamera pansi, muitembenuze mpaka chithunzithunzicho chichepe kotheratu, pamenepo dzuwa lili pafupi kulowa. Likalowa silikhalitsa. Limasuntha mtunda wofanana ndi kukula kwake pa mphindi ziwiri zilizonse, choncho mudzakhala mukulitsatira.

Zonse ziikeni pa manual, kuti muzitchera nokha. Jambulani mu RAW (mtundu wa fayilo wosunga zonse za chithunzi), ISO ya kamera (mphamvu yake yomva kuwala) ikhale 100 kapena 200, kabowo ka lenzi pa f/8. Liwiro la shata limadalira fyuluta yanu, yambirani pa 1/500 ya sekondi muzisintha mpaka dzuwa lioneke bwino osayereratu. Fokasi ya yokha imasokonezeka, ndiye kulitsani chithunzi pa sikirini, mukonze ndi dzanja mpaka mphepete mwa dzuwa kapena timadontho takuda ta padzuwa tioneke bwinobwino, kenaka matani tepi kuti isasunthe. Fulashi izimitseni. Zonsezi mukhoza kuyeserera tsiku lililonse kukakhala dzuwa, nthawi yomweyo imene kadamsana adzachitike, kuti muonenso ngati mtengo kapena nyumba sizidzakutchingani. Mwezi wathunthu nawonso ndi woyeserapo wabwino poti kukula kwake n'kofanana.

Ngati mudzakhale mkati mwa kanjira kaja, masekondi omaliza amathamanga koopsa. Kuwala kumaduka timikanda, chifukwa kukudutsa m'zigwa za m'mphepete mwa mwezi. Timikanda timeneti timadziwika ndi dzina la Francis Baily, katswiri wa zakuthambo wa ku England, amene anatifotokoza mu 1836. Kenaka kumatsala kamodzi kowala kwambiri, n'kuzima. Apo ndiye mumachotsa fyuluta ndi kuvula magalasi. Mukaiwala kuchotsa fyuluta mudzajambula mdima wokhawokha. Korona ndi wowala kwambiri pafupi ndi mwezi koma wofooka chakunja, moti liwiro limodzi silingagwire zonse. Jambulani motsatizana kuyambira 1/1000, imene imagwira malawi ofiira a m'mphepete, mpaka cha m'ma theka la sekondi. Gwiritsani ntchito rimoti kapena taimala kuti dzanja lisagwedeze. Tcherani alamu ya foni ilire kutatsala masekondi 15 kuti mdima uthe, ndipo pakhale munthu mmodzi wofuula kuti aliyense avale. Kuwala kukangobwerera, lenzi ivindikiridwe pompo.

Ndinene maganizo anga mosabisa. Ngati uyu ndi wathunthu wanu woyamba, ndipo ndi wa mphindi ziwiri zokha, musathere nthawiyo pa mabatani. Akatswiri okhala ndi zida zotsatira dzuwa zokha adzatulutsa zithunzi zoposa zanu ndi zanga madzulo omwewo. Jambulani zingapo, kenaka manja achoke pa kamera. Kunja kumazizira, mbalame zimasokonezeka, pulaneti ya Venus imaoneka masanasana, ndipo m'mphepete monse mwa thambo mumafiira ngati dzuwa likulowa mbali zonse. Zimenezo lenzi ya 300mm siziona.

Foni ndiye ili ndi ntchito yake pamenepa. Kujambula nayo dzuwa lenilenilo n'kungotaya nthawi, limatuluka kadontho koyera, ndipo kukokera pafupi ndi zala kumangowononga chithunzi. Mukafunitsitsa, phimbani timalenzi take tonse ndi fyuluta kapena ndi magalasi ena apadera, osati amene mwavala, muchepetse kuwala pa sikirini, ndipo samalani maso anu asazembere m'mbali mwa foniyo. Koma chanzeru n'kuiimika penapake, iloze kwa anthu ndi malo, muyatse vidiyo kutatsala mphindi zisanu n'kuiiwala. Idzagwira mdima ukubwera ndi mawu a ana, ndipo mwina ndi imene muzidzaionera kawirikawiri kuposa zithunzi za kamera yaikulu.

Mitambo ndiyo ingasokoneze zonse. Yambani kutsatira zanyengo kutatsala masiku atatu, mukhale ndi malo achiwiri oti n'kuthamangirako, ndipo nyamukani m'mamawa chifukwa misewu yolowera m'kanjira ka kadamsana wathunthu imadzaza. Mtambo wopyapyala usakupusitseni kuvula magalasi, umang'ambika mosachenjeza. Tengani batire lachiwiri ndi memori khadi yopanda kanthu, poti kuyambira pamene mwezi wagunda dzuwa mpaka kuchokeratu zimatenga maola awiri kapena atatu, ndipo sikirini yoyaka nthawi yonseyo imadya moto. Pakati pa kujambula muziphimba kamera ndi kansalu koyera kuti isatenthe.

Mutiuze dera limene mudzakhale komanso nambala ya kukamwa kwa lenzi yanu, yalembedwa kutsogolo kapena kuseri kwa chivindikiro, kuti tikuthandizeni kuwerenga nthawi ndi kusankha fyuluta yokwana.