Kodi bambo anga ndiwagulire foni yamakono? Yankho kwa mayi wina wa ku Blantyre

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amagwira ntchito mumzinda wa Blantyre. Bambo awo, a zaka 71, amakhala kumudzi ku Ntchisi, ndipo pa chilichonse chofuna foni amadalira mdzukulu wawo wa Fomu 2. Funso la mayiwa ndi lakuti, popeza boma likusamutsira ntchito zake zambiri pa makompyuta ndi pa intaneti, kodi awagulire bambowo foni yamakono ndi kuwaumiriza kuphunzira, kapena angowasiya poti ndi achikulire kale?

Mayi, zikomo chifukwa cha funso lanu. Yankho langa ndi lakuti musawasiye, komanso musayambire pa foni yamakono. Ndipo ndisanafotokoze, ndikupempheni muchotse mumtima mwanu ganizo lakuti bambo anu ndi otsalira, chifukwa m'dziko muno anthu amene ali ngati iwo ndi ochuluka kuposa ife amene timakhalira kusisita galasi la foni tsiku lonse. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu oposa 17.5 miliyoni, 84 pa 100 alionse amakhala kumudzi, ndipo nyumba zowalitsa ndi magetsi zinali pafupifupi imodzi yokha mwa nyumba khumi. Foni yamakono imatha moto tsiku limodzi, choncho kwa munthu amene amakatchajitsa pamsika kapena pa sola ya mnzake, foniyo imakhala yozima masiku ambiri kuposa oyaka. Pamwamba pa izo pali mtengo wa bandulo, maso ofooka, zala zouma ndi khasu zimene galasi silimva msanga, ndiponso Chingerezi chimene mafomu ambiri a pa intaneti amalembedwamo.

Komabe simunalakwe poona kuti zinthu zasintha. Mu 2017 bungwe la National Registration Bureau linalembetsa anthu oposa 9 miliyoni kuti alandire chiphaso cha unzika, ndipo chaka chotsatira bungwe loyang'anira za mafoni ndi mawailesi la MACRA linalamula kuti nambala iliyonse ya foni ilembetsedwe m'dzina la mwini wake. Pamene ndondomeko ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya AIP inayamba mu 2020, makuponi a pepala anatha, ndipo mlimi ankagula thumba la feteleza pa K4,495 pokhapokha makina atawerenga chiphaso chake. Cholinga chinali chabwino, chifukwa makuponi ankagulitsidwa mwachinyengo ndipo mayina a anthu omwe kulibe ankalowa m'kaundula. Koma tonse tikukumbukira alimi akugona pa depoti chifukwa cha mawu awiri okha akuti "netiweki palibe". Mlimi uja analibe cholakwa chilichonse: ndalama anali nazo, chiphaso anali nacho, dzina linalipo, koma mvula inali itagwa kale ndipo chimanga sichidikira netiweki.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri si kuchedwa ayi, koma kudalira munthu wina pa zinthu zimene kale munthu ankadzichitira yekha. Tsiku lina ndinaima pamzere kwa ejenti wa ndalama za pa foni, ndipo patsogolo panga panali agogo ena aamuna, ovala jekete lawo la kutchalitchi. Anamasula kansalu, natulutsa foni ya mabatani yomangidwa ndi mphira, naipereka kwa ejentiyo, kenaka anatchula nambala yawo yachinsinsi mokweza, anthu tonse tikumva. Ejentiyo anawawerengera ndalama, iwo analandira ndi manja awiri nathokoza, osadziwa kuti zinabwera zingati ndipo zatsala zingati. Sindikunena kuti anaberedwa. Ndikunena kuti munthu amene analera ana, kuwaphunzitsa ndi ndalama za fodya kapena mtedza, ndi kuweruza milandu pabwalo la amfumu, tsopano sangadziwe chuma chake popanda kuuzidwa ndi mnyamata wa msinkhu wa mdzukulu wake. Mdzukulu wa bambo anu akhoza kukhala mwana wokhulupirika ndithu, koma tsiku lina adzapita kusukulu yogonera komweko kapena kutauni, ndipo nambala yachinsinsi ija idzapita naye.

N'chifukwa chake ndikukulangizani kuti muyambe ndi foni ya mabatani, ya zilembo zikuluzikulu, yosunga moto masiku angapo, ndipo nambala yake ilembetsedwe ndi chiphaso cha bambo anu eni ake, osati chanu kapena cha mdzukulu. Mfundo imeneyi ndi yaikulu, chifukwa foni ikatayika, amene amatha kubwezeretsa nambala pamodzi ndi ndalama zake ndi yekhayo amene dzina lake lili m'kaundula. Mukapita kumudzi, khalani nawo pakhonde ndi kuwaphunzitsa chinthu chimodzi chokha, kuona ndalama zotsala, pa *211# ngati ali pa Airtel Money kapena *444# ngati ali pa TNM Mpamba, zomwe sizifuna intaneti. Foni ikhale m'manja mwawo, inu musailande ngakhale achedwe bwanji, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Lembani njira yake m'Chichewa m'kope, koma nambala yachinsinsi musailembemo. Muwauzenso momveka kuti uthenga wowauza kuti atumize ndalama pa nambala ina, kapena munthu woimba n'kumafunsa nambala yachinsinsi, ndi wakuba, ngakhale atadzitchula kuti ndi wa ku kampani. Akazolowera zimenezi ndipo iwo eni akalakalaka kuona nkhope za adzukulu pa WhatsApp, pamenepo foni yamakono idzakhala ndi ntchito.

Koma sindingakunamizeni kuti nkhaniyi ingathere pabanja panu. Udindo waukulu uli ndi boma, chifukwa thandizo la boma si katundu wa m'sitolo woti wosakwanitsa angodutsa. Ofesi iliyonse imene ikutsegula khomo la pa intaneti iyenera kusiya khomo lakale lotsegula, kuti munthu azitha kufika, kulankhula Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao, ndi kuthandizidwa ndi munthu mnzake. Makina amafa, monga tinaonera kumayambiriro kwa 2024 pamene kusindikiza ziphaso zoyendera kunja (mapasipoti) kunaima kwa milungu ingapo, ndipo ngakhale odziwa kompyuta anasowa pogwira. Chitsanzo cha njira yabwino tili nacho kale: Chipatala Cha Pa Foni, chimene chinayambira ku Balaka mu 2011 ndipo pambuyo pake chinafalikira dziko lonse pansi pa Unduna wa Zaumoyo, chimangofuna kuti munthu aimbe foni ndi kulankhula, osalemba kanthu. Sukulu za kwacha nazonso zikanatha kuphunzitsa foni pamodzi ndi zilembo.

Pomwe mukukonzekera ulendo wa ku Ntchisi, muwapemphe bambo anu akuonetseni chiphaso chawo cha unzika, muone ngati sichinathyoke kapena kufufutika ndiponso ngati dzina linalembedwa molondola. Ngati pali vuto, mupite nawo ku ofesi ya kalembera kwa DC nthawi yogula feteleza isanafike.