Kodi MRI ingaonetse bipolar mwa mwana?

Mayi, pepani ndi nkhawa yomwe muli nayo. Mwafunsa ngati ubongo wa mwana wanu wa zaka 13, yemwe adokotala akumuganizira bipolar (matenda a maganizo omwe munthu nthawi zina amasangalala ndi kukhala ndi mphamvu mopyola muyeso, nthawi zina n'kukhumudwa kwambiri), ndi wosiyana ndi wa anzake, komanso ngati kumujambula pa MRI, makina ojambula mkati mwa thupi, kungatsimikize matendawa.

Kusiyana kulipo ndithu, koma kumaoneka pokhapokha ofufuza akayerekeza magulu a ana ambiri. Chomwe chapezeka mobwerezabwereza ndi amygdala, kachigawo kakang'ono ka mkati mwenimweni mwa ubongo komwe kamakhudzana ndi mantha ndi mkwiyo. Mwa ana ndi achinyamata odwala bipolar kamakonda kukhala kocheperako, pomwe mwa akuluakulu zotsatira zimasiyanasiyana. Kwina ndi kutsogolo, kuseri kwa chipumi, komwe kumathandiza munthu kudzigwira. Kumeneko kumakhwima mochedwa, mpaka munthu atapitirira zaka 20, ndiye ubongo wa mwana wanuyo ukadali kukula.

Ofufuza a ENIGMA, gulu la akatswiri a ubongo a m'mayiko ambiri, atayerekeza zithunzi za ubongo wa anthu oposa 6,000, ambiri mwa iwo akuluakulu, anapeza kuti mbali yakunja ya ubongo wa odwala bipolar ndi yopyapyalako m'malo ena, koma mwa omwe amamwa mankhwala a bipolar otchedwa lithium inali yokhuthalako. Mfundo imeneyi ine imandilimbitsa mtima, ndipo sindifuna kumva wina akukuuzani kuti mwana wanu ubongo wake unawonongeka.

Komabe chithunzi cha mwana mmodzi sichinganene kuti uyu ali ndi bipolar. Ana ambiri abwinobwino ali ndi amygdala yaing'ono, odwala enanso yawo ili ngati ya wina aliyense. Adokotala akatumiza mwana ku MRI amakhala akufuna kuona ngati mulibe chotupa kapena vuto lina.

Chomwe chingawathandize kwambiri ndi maso anu. Pezani kope, muzilemba tsiku ndi tsiku: wagona maola angati, kodi wadzuka ndi mphamvu ngakhale sanagone, akulankhula mothamanga, akudzimva ngati palibe chingamulake? Nanga masiku omwe safuna kudzuka kapena kudya ndi angati? Bipolar imabwera nthawi ndi nthawi, masiku angapo motsatizana, mwana n'kusinthiratu. Kupsa mtima kwa tsiku lililonse pakokha si bipolar. N'chifukwa chake mu 2013 buku la DSM-5, lomwe madokotala amagwiritsa ntchito pozindikira matenda a maganizo, linawonjezera dzina lina, DMDD, la ana otero. ADHD, vuto loti mwana amalephera kukhazikika ndi kuika maganizo pa chinthu chimodzi, nayonso imatha kuoneka ngati bipolar. Muwauzenso adokotala ngati kumtundu kwanu kapena kwa bambo ake kuli wina anadwalapo, poti matendawa amayenda m'magazi.

Mwana akangotchula zofuna kudzipha, musadikire tsiku lomwe anakupatsani, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.