Kusosa, kukumba maenje ndi katundu wa pa njinga: mlangizi ayankha alimi

M'masabata apitawa ndakhala ndikuyendera magulu a alimi ku Chiparamba, ku Kalichero ndi ku Mtenguleni, ndipo popeza Okutobala wafika ndi dzuwa lake, mafunso ambiri akhala okhudza ntchito yokonza minda mvula isanagwe. Ndasankhapo atatu amene abwera mobwerezabwereza.

Bambo wina wa ku Chiparamba anafunsa kuti: "Mnzanga woyandikana naye munda amaunjika mapesi n'kuwatentha, tsiku limodzi wamaliza kusosa, ndipo pamene panali phulusa chimanga chimabiriwira. Nanga inu alangizi mumatiletseranji?"

Bambo, zimene mwaonazo si zabodza. Phulusa lili ndi potashi, ndiponso limachepetsa asidi wa m'nthaka, n'chifukwa chake pamalo pamene panayaka mulu pamamera chimanga chokongola. Koma muyang'anenso munda wonsewo, osati timabwalo ta phulusa tokha. Mapesi akapsa, nayitirojeni ndi salufa zimapita ndi utsi, ndipo zimenezi ndi zomwe mudzalipire ndalama pogula fataleza wa D compound ndi urea. Phulusa lotsalalo nalo mphepo ya mwezi uno imaliulutsa, kotero kuti mvula yoyamba ya mu Novembala, imene imagwa mwamphamvu, imapeza nthaka ili pamtunda n'kuikokolola. Yalani mapesi pakati pa mizere kuti akhale chofunda cha nthaka. Mukadzafukula pansi pa phesi patatha masiku angapo mvula itagwa mudzapeza pali chinyontho, pamene pamalo otenthedwa pauma gwa.

Ambiri amaopa chiswe, ndipo mantha amenewa ndimawamvetsa. Chimene ndaona m'minda yambiri n'chakuti chiswe chikapeza mapesi ouma chimatanganidwa nawo, n'kumaboola timauna timene madzi amalowera pansi, koma chikasowa chakudya m'pamene chimavutitsa kwambiri mbewu. Zoyenera kuzula ndi kuwononga zilipo: mitengo ya thonje ndi ya fodya, chifukwa imasunga tizilombo ndi matenda mpaka chaka chotsatira, komanso kaufiti amene wabereka kale njere. Zimenezi muziunjike kunja kwa munda n'kuzitenthera komweko. Musaiwalenso anyamata osaka mbewa, pakuti minda yambiri siipsa ndi moto wa mwini wake. Lambulani mpata wa mamita awiri kapena atatu kuzungulira munda, ndipo nkhani ya moto ndi ya ng'ombe zongoyenda zokha muikambirane pamaso pa amfumu, chifukwa mlimi mmodzi sangaithe.

Mayi wina wa ku Mtenguleni anadandaula kuti munda wake uli kutali, amayenda pansi ola lathunthu, ndipo akafika dzuwa limakhala litakwera kale, nthaka ili ngati mwala. Anafuna kudziwa ngati n'kotheka kuyamba kukumba maenje obzalamo mbewu a ulimi wosunga nthaka pa nthawi ino.

Mayi, ndiyambe ndi kunena zoona: nthawi yabwino yokumba maenje inali Meyi ndi Juni, mutangokolola, nthaka isanaume. Komabe simunachedweretu ngati muchepetsa malo. Dzenje lililonse likhale lotalika masentimita 30, lozama masentimita 20, ndipo mulifupi mwake mufanane ndi khasu; kuchokera pakati pa dzenje kufika pakati pa linzake pakhale masentimita 70, pakati pa mizere masentimita 90. Pa muyeso umenewu lima imodzi, yomwe ndi kota ya hekitala, imalowa maenje pafupifupi 4,000, kutanthauza kuti munthu wokumba maenje 100 pa tsiku afunika masiku 40. Choncho musalimbane ndi munda wonse. Sankhani lima imodzi kapena theka lake, mumange mfundo pa chingwe kuti muyeso usasokonekere, ndipo munyamuke tambala akangolira kachiwiri, mutatenga madzi akumwa, kuti pofika 9 koloko mukhale mukuweruka. Kuzama kwa dzenje musakuchepetse pofuna kufulumira, chifukwa cholinga chake ndi kuswa nthaka yolimba imene khasu ndi pulawo zasiya pansi kwa zaka zambiri. Dzenje losazama ndi kutaya thukuta chabe.

Ulendo wapansiwo uli ndi phindu lake limene wokwera njinga saliona. Pobwerera muzidutsa mbali zosiyanasiyana za munda, n'kumaona pamene madzi anayamba kukumba kangalande chaka chatha, ndipo pamenepo muikepo miyala kapena mapesi mvula isanabwere.

Funso lachitatu linachokera kwa mnyamata wa ku Kalichero amene amanyamula matumba awiri a fataleza pa njinga kuchokera ku tauni, ndipo masipoko amangothyoka. Kuno ku Chipata njinga timaidalira kuyambira masiku amene fakitale ya Luangwa Industries inkapanga njinga za Eagle, koma kuidalira sikuiwonjezera mphamvu. Matumba awiri ndi makilogalamu 100, kuwonjezapo wokwerayo, ndipo gawo lalikulu la kulemerako limagwera tayala lakumbuyo. Mwana wanga, nyamula thumba limodzi la makilogalamu 50, uligoneke chopingasa pakati penipeni pa kaliyala n'kulimanga zolimba ndi mphira. Usananyamuke upope matayala, uyese mabuleki, ndipo sipoko imodzi ikathyoka uikonzetse tsiku lomwelo, chifukwa zinzake zimatsatira n'kupinditsa limu. Potsetsereka utsike n'kumakankha. Popeza mitambo yayamba kusonkhana madzulo, uzikhala ndi pepala la pulasitiki lofundira thumba, pakuti urea akanyowa amasungunuka n'kuumbika, ndipo ukafika kunyumba uliike pa matabwa, kutali ndi khoma, mpaka tsiku lothira.