Mlamu, za mphuno za mwanayo

Eee mlamu, uthenga wanu ndaumva tsopano, ndinali kumsika. Mwati mwana mphuno zatsekeka, akangoyamba kuyamwa akusiya bere n'kuyamba kulira, ndiye agogo akuti mum'fukize ndi masamba a bulugama, mum'pakenso Vicks. Ayi, zimenezo taimani kaye.

Mwana wa miyezi 5 amapumira kwambiri m'mphuno. Ndiye m'kamwa muli bere, mphuno zatseka, apumira pati? N'chifukwa chake akusiya, si kuti mkaka wanu waipa ayi. Komanso ndi nyengo yake, kuno ku Nkhotakota mwera sukutigoneka, kwanu ku Senga Bay ndiye kaya.

Chitani izi. Wiritsani madzi, azizire. Osati otunga kunyanja n'kungogwiritsa ntchito, ayi, owiritsa. Madziwo mudzaze kapu imodzi yomwera tiyi, muthiremo mchere theka la kasupuni kakang'ono, osapitirira, ukachuluka umawawa m'mphuno. Mukalawa azimveka ngati misozi basi. Mum'goneke chagada, mudonthezere madontho awiri mbali iyi, awiri mbali inayo. Alira, ayetsemula, musaope. Mamina ouma aja amafewa n'kutuluka, inu muzingopukuta ndi kansalu koyera kofewa. Muzitero asanayamwe, mwamva? Ndiye bere pafupipafupi, madzi akumwa ayi, sanakwane miyezi 6. Madzi amcherewo muzikonza atsopano tsiku lililonse. Ngati muli ndi kandalama, ku famase amagulitsa okonzakonza, mungonena kuti saline wa m'mphuno za ana.

Zofukizazo, aaa, ine ndinalapa. Mukukumbukira chipsera chili pamwendo pa mwana wanga wachiwiri? Ndi beseni limenelo. Ndinam'fungata, tafunda chitenje, iye kungoponda kamodzi, madzi onse pamwendo. Sabata ziwiri tikuyendera kuchipatala kukatsukitsa bala, chimfinecho chinali chitatha kalekale. Munthu wamkulu afukize yekha ngati akufuna, koma khanda ayi. Vicks nayenso si wa mwana wosakwana zaka 2, ndipo m'mphuno ndiye osayerekeza. Agogo muwauze mofatsa kuti ndanena ndine, akalusa alusire ine.

Chinanso, musamam'bereke mukamaphika pankhuni kapena kuwamba nsomba, utsi umawonjezera. Ndipo ma kapisozi a amoxicillin ogula pa okala aja asiyeni, chimfine sichimva amenewo, chimatha chokha pakapita sabata kapena kupitirira pang'ono.

Koma apa ndiye mumvetsetse. Akagona phee, mum'vule malaya, muyatse wotchi ya pafoni, muwerenge mmene akupumira kwa mphindi imodzi yathunthu. Akafika ka 50 kapena kupitirira, kapena pansi pa nthiti pakulowa m'kati akamakoka mpweya, chimenecho chingakhale chibayo, musadikire kuti kuche. Akakaniratu bere, akangofooka, chimodzimodzi. Thupi likatentha musangoti ndi chimfine, ife a m'mbali mwa nyanja malungo timagona nawo, akamuyeze magazi. Achimwene akwere njinga yamoto ija akuperekezeni, asanene za mafuta.

Dikirani... iwe, tseka chitsekocho! Pepani mlamu, nkhuku zalowa m'nyumba. Yesani madonthowo panopa, madzulo munditumizire uthenga mundiuze mmene wayamwira.