Musanagule ma lever ena, yambani mwasintha kaikidwe ka omwe alipowo

Achimwene, mwati zala sizikufikira bwino buleki mukagwira m'munsi mwa handulo yopindika ya njinga yanu, manja akuchita dzanzi, ndiye mukufunsa ngati mugule ma lever ena, zokokera buleki zija. Ndalama yanu ibakhalani nayo kaye. Kawirikawiri vuto lotere limakhala la kaikidwe.

Handulo ya njinga ya pamsewu ili ndi pogwira patatu. Pamwamba, pafupi ndi stem, chitsulo chogwira handulo pakati, mpokwerera chitunda mwapang'onopang'ono, koma buleki ili kutali. Pa ma hoods, labala yokuta mutu wa lever, mpamene manja amakhalitsa ulendo wonse. M'munsi, mu ma drops, mpotsikira mtsetse, chifukwa chala chimakoka kunsonga kwa lever komwe mphamvu imachuluka, ndiponso tayala likagunda dzenje dzanja silipulumuka.

Vundukulani labala ya hood, mumasule bawuti yogwira lever ndi Allen key, kawirikawiri ya 5 mm. Ikani lever moti kumtunda kwa handulo ndi hood zikhale mzere umodzi wosalala, kapena hood itukuke pang'ono. Hood ikazyolika, polumikizira dzanja ndi mkono pamapindika ndipo thupi lonse limatsamira pamenepo. Ikakwera mopitirira, pa hood mumamva bwino koma mu drops lever imathawa zala. Poonera ndi apa: mutagwira mu drops, mfundo yoyamba ya chala cha mkombaphala ikolowole lever popanda kusuntha chikhatho. Shimano, kampani yopanga zida za njinga, amati bawutiyo imangidwe 6 mpaka 8 Nm, muyeso wa mphamvu yomangira. Ngati handulo ndi ya carbon tsatirani zimene wopanga handuloyo analemba, apo ayi imang'aluka. Ma lever ambiri amakono alinso ndi kasikuluwu kosendezera lever kufupi ndi handulo, ena akale a Shimano amaikidwa kalabala kotchinjiriza. Mukasendeza, yesani kukoka mwamphamvu. Lever isagunde handulo.

Dzanzi la kachala kakang'ono ndi chinzake choyandikana nacho limabwera mtsempha wa ulnar ukapanikizika m'mphepete mwa chikhatho. Zigongono zizikhala zopindika pang'ono, ndipo muzisinthasintha pogwira. Onaninso chishalo, pakuti mphuno yake ikaloza pansi mumatsetserekera kutsogolo, manja nkumakutchingani njira yonse. Handulo ifanane ndi kutambalala kwa mapewa, ambiri zimawathera pakati pa 38 ndi 44 cm.

Zikakanika, pogula mpamene pamafunika maso. Lever ndi buleki ziyenera kugwirizana kutalika kwa waya wokokedwa. Ma lever wamba a handulo yopindika amakoka waya wochepa, woyenera mabuleki a mtundu wa caliper, cantilever ndi disc ya waya yopangidwira njinga za pamsewu. Buleki ya mtundu wa V-brake imafuna lever yokoka waya wambiri. Mukaiphatikiza ndi lever wamba, lever imafika pa handulo malabala asanalume limu bwinobwino, ndipo mukafupikitsa waya kuti zigwire, malabala amangokhula limu. Pa V-brake funani lever ngati Tektro RL520. Mutu wa waya nawo umasiyana: wa njinga za pamsewu ndi wooneka ngati kapeyala, wa njinga za m'mapiri ndi wobulungira ngati kambiya. Chomangira lever chikhale cha 23.8 mm, cha handulo yowongoka ndi 22.2 mm, sichilowa.

Ngati lever yanu imasinthanso magiya, nambala ya magiya ndi kampani zifanane ndi derailleur, chida chosamutsa tcheni pa magiya. Ngakhale mkati mwa Shimano momwemo muli msampha, Tiagra 4700 ya magiya 10 siyenderana ndi derailleur ya magiya 10 yakale. Lever ya hydraulic, yoyendera mafuta m'malo mwa waya, imafuna caliper yake, yomwe ndi mbali yoluma ya buleki, ndi mafuta ake. Shimano amagwiritsa ntchito mineral oil, pomwe mabuleki a kampani ya SRAM olembedwa DOT amafuna mafuta a DOT, ndipo kusakaniza kumatupitsa timalabala ta m'kati.

Amene amakonda kugwira pamwamba m'misewu yodzaza magalimoto angathe kuwonjezera tima lever tating'ono totchedwa interrupter, timene timalowa pakati pa chikuto cha waya womwewo. Yesani kukula kwa handulo pomwe tikhale, ambiri ndi 31.8 mm pafupi ndi stem. Tepi ya handulo muikulunge komaliza, mutayenda kaye ulendo umodzi kapena iwiri nkutsimikiza kuti ma lever onse awiri ali pa msinkhu wofanana.